Kugwira ntchito uli ndi dyslexia kapena ADHD: zoyenera kusintha pa desiki, pa kauntala ndi pa foni

Ku khonsolo pa boma la Dedza, ku chipatala chaching'ono cha kumudzi, ngakhale m'shopu ya feteleza pa Lizulu, simulephera kupeza munthu woti ntchito amaidziwa koma pepala limamugwetsa. Mukamufunsa pakamwa amayankha zonse bwinobwino. Mukamupatsa fomu, 63 asanduka 36, mzere wina audumpha, ndipo kalata ya ndime ziwiri imudyera m'mawa wonse. Palinso wina amene kuwerenga sikumuvuta, koma wayamba ntchito zisanu ndipo palibe yomwe yatha, sitampa ya ofesi sakudziwa komwe waisiya, lipoti amalilemba usiku woti mawa likufunika. Anzawo amangoti uyu ndi mutu wouma, uyo ndi waphuma. Ena mwa anthu amenewa ali ndi dyslexia, ena ADHD, ndipo si zachilendo kuti munthu mmodzi akhale ndi zonse ziwiri.

Simukufunika kalata ya dokotala kuti muyambe kutsata malangizowa. Akatswiri oyeza mavutowa mwa akuluakulu ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo wodikira kuyezedwa kaye ntchito ikhoza kumuthera ali chidikirire. Kumuuza munthu wotere kuti alimbikire n'kutaya mawu, chifukwa wakhala akulimbikira chiyambire sitandade 1. Chofunika kusintha ndi kayalidwe ka ntchito, kuti zimene mutu umataya zigwidwe ndi pepala, foni kapena khutu la mnzake.

Dziwani kaye vuto lanu

Dyslexia imakhudza mmene ubongo umalumikizira zilembo ndi kamvekedwe ka mawu. Kwa anthu ambiri kulumikizaku kumafika pochitika kokha, osaganizira. Kwa wa dyslexia kumakhalabe ntchito, choncho mphamvu zake zimathera pa kutulutsa mawuwo ndipo akamafika kumapeto kwa ndime wayiwala zimene zinali koyambirira. Gwero lake si maso, ndipo silikhudzana ndi kuchepa nzeru: mu 1896 dokotala wa ku England, W. Pringle Morgan, analemba za mnyamata wazaka 14 yemwe anali wanzeru m'kalasi koma kuwerenga kunkamukanika. Vutoli limayenda m'banja, ndipo akatswiri ambiri amati limapezeka mwa anthu 5 mpaka 10 pa 100 alionse.

ADHD imakhudza kuwongolera chidwi, kuyamba ntchito, kusunga zinthu m'mutu kwa kanthawi, ndi kuyerekeza nthawi. Imapezeka mwa ana pafupifupi 5 pa 100 ndi akuluakulu 2 kapena 3 pa 100. Munthu akakula, kudumphadumpha kwa paubwana kuja kumachepa, koma mkati samakhazikika. Chosokoneza anthu n'chakuti yemweyo akhoza kukhala maola anayi osadzuka pa ntchito yomusangalatsa, ndiye abwana amati amachita dala. Chidwi ali nacho, koma sichipita komwe iye akuchituma.

Ambiri amene ali pa ntchito lero anadutsa kupulayimale pambuyo pa 1994, maphunziro atakhala aulere, pamene kalasi imodzi inkakhala ndi ana oposa 100. Mphunzitsi sakanatha kuona mwana mmodzi wowerenga movutika. Chinanso chinabisa vutoli ndi Chichewa chomwechi. Chimalembedwa mmene chimamvekera, choncho mwana wa dyslexia ankawerenga molondola ndithu, kungoti pang'onopang'ono. Zinthu zinkavuta pa sitandade 5, maphunziro onse atayamba kukhala m'Chingerezi, chomwe kalembedwe kake sikatsata kamvekedwe, ndipo aliyense ankangoti mwanayu Chingerezi chamukana. Kafukufuku wa mu 2001 woyerekeza anthu a ku Italy, France ndi England anapeza zomwezi: vuto la muubongo ndi limodzi, koma limaonekera kwambiri m'chilankhulo cha kalembedwe kosokonekera. Ndiye musadziyese ndi funso loti kodi Chichewa ndimatha kuwerenga. Dziyeseni ndi liwiro, ndi kutopa kumene mumamva mukamaliza tsamba limodzi.

Mavuto awiriwa amayamba paubwana. Pa ADHD madokotala amafuna umboni woti zizindikiro zinalipo munthu asanakwanitse zaka 12, ndiponso kuti zimaoneka malo oposa amodzi, monga kuntchito ndi kunyumba komwe. Ngati kuyiwala kapena kuvutika kuwerenga kwayamba chaka chatha, funani chifukwa china. Munthu akapitirira zaka 40 maso amayamba kulephera kuona zapafupi, ndipo magalasi owerengera amathetsa nkhaniyo. Kusamva bwino, kuchepa kwa magazi, kusagona mokwanira, nkhawa, matenda a kukhumudwa, mowa, chamba, khunyu ndi mankhwala ena a khunyu monga phenobarbitone, zonsezi zimabalalitsa maganizo. Mukakayikira mankhwala amene mukumwa, kawauzeni achipatala, musasiye nokha.

Kenako tengani kope laling'ono, kwa sabata ziwiri muzilemba cholakwika chilichonse: nthawi yake, ntchito yomwe mumagwira, ndi chimene chinachitika. Mzere umodzi ndi wokwanira. Pakutha pa sabata ziwirizo mudzaona kuti zolakwikazo zaunjikana malo awiri kapena atatu okha, mwina pokopera manambala, mwina pa malangizo apakamwa, mwina masana mukangodya nsima. Konzani malo amenewo. Amene amafuna kukonza moyo wonse tsiku limodzi amasiya Lachitatu.

Manambala, chifukwa ndi pamene ndalama zimathera

Kalata yolakwika kalembedwe imangochititsa manyazi, koma nambala yolakwika imadula malipiro. Ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba pa Tsangano, wosunga katundu, mlembi wa banki m'khonde, onsewa amalipira m'thumba mwawo.

Mutu wa munthu umasunga timagulu pafupifupi 4 pa nthawi imodzi, ndipo wa dyslexia kapena ADHD amataya msanga kuposa apo. Nambala ya foni ili ndi manambala 10, choncho musayese kuinyamula yonse. Iduleni 4, 3, 3, ndipo muzilemba kagulu kamodzi, kuyang'ananso, kenako kena. Tokeni ya magetsi ya ESCOM ili ndi manambala 20 m'magulu 5 a manambala 4: phimbani magulu enawo ndi chala kapena kapepala, lioneke limodzi lokha lomwe mukulowetsa. Nambala ya chiphaso cha unzika ndi yoopsa kwambiri chifukwa imasakaniza zilembo ndi manambala. Samalani 0 ndi O, 1 ndi I, 5 ndi S, 8 ndi B, ndipo musamakopere mwini wake akukuwerengerani pakamwa. Chitengeni chiphasocho muchiike patebulo.

Pa kauntala ya ndalama dongosolo likhale limodzi kwa aliyense, ngakhale mzere utalike bwanji tsiku la msika. Kasitomala alembe yekha nambala yake m'buku kapena akuonetseni pa foni yake. Inu mulowetse, muwerenge mokweza kuchokera pa foni yanu, osati kuchokera m'buku, iye avomere. Pomwe foni yaonetsa dzina la wolandira, litchuleni musanaike PIN. Anthu amalakwitsa apa chifukwa amawerenganso m'buku momwe munali zolondola kale, pamene cholakwikacho chili pa foni. Pa ndalama werengani maziro ndi chala, ndipo m'buku muzilemba ndi kachizindikiro kodulira nthawi zonse, K5,000 kapena K50,000. Kulemba 5000 ndi 50000 mopanda kudula ndiko kumabweretsa shoti madzulo.

Buku likakana kugwirizana ndi ndalama kapena katundu, musayambe mwawonkhetsanso zonse. Pezani kusiyana kwake, mukugawe ndi 9. Kukagawika popanda chotsala, mwayi waukulu ndi woti mwatembenuza manambala kapena mwawonjezera ziro. Mwalandira matumba 63 a feteleza koma mwalemba 36: kusiyana ndi 27. Mwalemba K51,000 m'malo mwa K15,000: kusiyana ndi K36,000. Mwalemba K50,000 m'malo mwa K5,000: kusiyana ndi K45,000. Zonsezi zimagawika ndi 9. Akalaliki akale ankaidziwa njira imeneyi, ndipo kwa wa dyslexia imafupikitsa kufufuza kwa maola awiri kukhala mphindi 10.

Kaundula wa mizere yambiri, monga wa kusikelo kapena wa mayina a alimi, amasocheretsa maso pakati pa dzina ndi danga lolembapo. Ikani rula pansi pa mzere womwe mukulemba. Choposa rula ndi katoni yomwe mwaibowola kawindo kotalika ngati mzere umodzi, chifukwa imabisa zapamwamba ndi zapansi zomwe. Pa Excel gwiritsani Freeze Panes kuti mitu ya madanga ndi mayina asachoke mukamatsika.

Kuwerenga ndi kulemba

Sekyula ya masamba anayi musaiyambe pa mawu oyamba. Funani zinthu zitatu kaye: yachokera kwa ndani, akufuna ndichite chiyani, pofika liti. Zilembeni pamwamba pa pepalalo ndi mawu anu. Zotsalazo muwerenge pambuyo, kapena mumvetsere.

Foni ya Android ili ndi Select to Speak pansi pa Accessibility, yomwe imawerenga mokweza zimene mwaloza. Google Lens imawerenga zolembedwa papepala mukazijambula. Pa kompyuta, Word ili ndi Read Aloud pansi pa Review, ndipo pa Edge mungadine Ctrl+Shift+U kuti iwerenge tsamba kapena PDF. Muzitsatira ndi maso pamene ikuwerenga, chifukwa kumva ndi kuona pamodzi kumagwira bwino kuposa chimodzi chokha. Mawu a m'makinawa ndi a Chingerezi, ndipo Chichewa amachiphwanya moti simungamve kanthu. Pa Chichewa pemphani mnzanu akuwerengereni kapena akutumizireni voisi pa WhatsApp. Chenjezo limodzi lalikulu: musajambule ndi Lens mabuku a odwala, mapepala a malipiro kapena ziphaso za anthu, chifukwa chithunzicho chimapita pa intaneti.

Zolemba zanu, ndi zimene mungapemphe kuti anzanu azikupatsani, zikhale m'zilembo zosapotana monga Arial, kukula 12 mpaka 14, mizere yotalikirana 1.5, yoyambira kumanzere osaitambasula mbali zonse. Ndime yonse ya zilembo zikuluzikulu imavuta kuwerenga, chimodzimodzi zilembo zopendekeka. Magalasi amitundu ndi zilembo zapadera zimene amatsatsa kuti ndi za dyslexia, kafukufuku sanapeze kuti zimathandiza kwenikweni. Ndalama imeneyo gulani mahedifoni.

Polemba, vuto limakhala loti mukuchita ntchito zitatu nthawi imodzi: kuganiza mfundo, kuzisanja, ndi kulimbana ndi masipelo. Zilekanitseni. Yambani ndi kulankhula zimene mukufuna kunena, mudzijambule pa foni kapena mugwiritse kamaikolofoni ka pa kiyibodi ngati ndi Chingerezi, kapena Windows+H pa kompyuta. Kenako sanjani mfundo. Masipelo akhale omaliza. Pa Word ikani chilankhulo pa English United Kingdom ndipo dinani F7, koma dziwani kuti makina sagwira mawu olondola oikidwa pamalo polakwika: form ndi from, quite ndi quiet, onse amadutsa. Amagwidwa ndi khutu, choncho mvetserani kalatayo ikuwerengedwa musanaitumize. M'Chichewa chomwe chimathawa kawirikawiri ndi h, khola n'kukhala kola, phala n'kukhala pala, komanso zilembo zounjikana monga ntch ndi nkhw.

Lipoti la pamwezi musamaliyambe pa tsamba loyera. Sungani lomwe linavomerezedwa, mufufute manambala, musiye mitu ndi ziganizo zake. Cholakwika chodziwika apa ndi kuyiwala kusintha mwezi ndi deti, choncho malo onse osintha apakeni chikasu ndipo muzichotsa chikasucho mukasintha. Mawu 20 amene mumawalakwitsa mobwerezabwereza, kuphatikiza mayina a midzi ndi a mafumu a m'dera lanu, alembeni pakapepala mumate pa desiki.

Malangizo apakamwa

Mwambo wathu umati wamng'ono akauzidwa zinthu ayankhe kuti chabwino bwana, n'kutuluka. Abwana atchula zinthu zisanu ali chiimirire pakhonde, inu mwagwira choyamba ndi chomaliza, zapakati zapita. Safunsa anadya phula. Pali njira yofunsira yosaoneka ngati mwano, yomwe ndi kubwereza zimene mwamva: "Bwana, ndibwereze kuti ndisalakwitse. Mwati nditenge mafomu ku stolo, ndikasiye kwa a akawunti, kenako ndiyimbire a ku Mayani. Chilipo chomwe ndasiya?" Muzinena uku mukulemba. Akakhala othamanga, apempheni kuti, "Mayi, mungandiponyereko pa WhatsApp, ngakhale voisi chabe?" Pa msonkhano khalani kutsogolo, kutali ndi khomo ndi windo, ndipo ngati kulemba maminitsi kukukulepheretsani kumva zokambidwa, pemphani kusinthana ndi mnzanu kuti inu mutenge ntchito ina yomwe iye saikonda.

Chidwi ndi nthawi

Kope likhale limodzi. Osati dayale, timapepala, kuseri kwa risiti ndi foni zonse pamodzi, chifukwa mukatero mwawonjezera malo oti muzifunafuna. Chilichonse chobwera chilowe m'kope limenelo nthawi yomweyo. M'mawa uliwonse, musanatsegule WhatsApp, sankhani ntchito 3 zokha za tsikulo, ndipo iliyonse muilembe ngati chinthu choti dzanja lichite. "Lipoti" si ntchito yoti munthu angayambe. "Tsegula lipoti la mwezi watha, sintha deti" ndi ntchito. Wa ADHD amakanika poyambira, ndipo akangoyamba zambiri zimayenda.

Ikani alamu ya mphindi 25, mugwire chinthu chimodzi, mupume mphindi 5 mutaimirira, mubwerenso. Mukazungulira kanayi pumani mphindi 20. Njira imeneyi anaiyambitsa Francesco Cirillo wa ku Italy m'zaka za m'ma 1980, ndipo manambala akewo si lamulo: ngati 25 ikukulemerani yambani ndi 10. Pomwe imafera ndi pa mphindi 5 zopumazo, munthu akatsegula Facebook n'kudzidzimuka patatha ola. Popuma yendani, imwani madzi, foni isakhudzidwe. Nthawi yogwira ntchito thimitsani deta ndipo foniyo ikhale m'dirowa kapena m'chikwama. Kuitembenuza chafufumimba pa desiki sikukwanira.

Alamu ya msonkhano muziika pa nthawi yonyamukira, osati yoyambira msonkhano. Ngati mukuchokera ku Kampepuza kupita ku boma la Ntcheu, werengerani kuyenda mpaka pa siteji, kudikira kuti minibasi idzaze, ndi kuima kwake m'njira. Pa ntchito ina iliyonse, nthawi yomwe mutu wanu wayerekeza muiwonjezere theka lake: mukaganiza kuti ndi ola limodzi, lembani ola ndi theka. Ntchito yofunika pa 30 muigawe, ndipo muuze munthu wina kuti gawo loyamba mumuonetsa pa 15. Tsiku lomwe mwadziikira nokha, popanda woliyembekezera, silikhala ndi mphamvu.

Kukhala pafupi ndi munthu amene akugwira ntchito yake mwakachetechete kumathandiza anthu ambiri a ADHD kukhazikika, ngakhale asakuthandizeni kanthu. Ntchito yotopetsa monga kulowetsa manambala muzikaigwirira pa tebulo la mnzanu wotere. Makiyi, sitampa, fulashi ndi chiphaso cha kuntchito zikhale ndi malo amodzi ooneka, monga kabakuli pa desiki kapena msomali pakhoma. Chomwe chalowa m'dirowa kwa inu chasowa. Magetsi akakhalapo yambani ndi za pa kompyuta, za papepala zidikire nthawi yomwe athima.

Yembekezerani kuti pakatha sabata ziwiri kapena zitatu dongosolo lililonse lidzayamba kukutopetsani, chifukwa chachilendo chake chatha. Musalitaye n'kuyamba kufunafuna lina. Sinthani kanthu kakang'ono, monga mtundu wa cholembera, kulira kwa alamu kapena malo okhala, n'kupitiriza. Tulo nato ndi mbali ya ntchitoyi: maola osakwana 7 amatha kukulitsa zizindikirozi, ndipo zakumwa zopatsa mphamvu zomwedwa madzulo zimaba tulo ta usiku womwewo.

Kuwauza abwana, ndi zimene malamulo akunena

Ndime 20 ya malamulo aakulu a dziko lino imaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo ndime 5 ya lamulo la ntchito la 2000 imaletsa zomwezo pa ntchito. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, pangano lomwe limafuna kuti malo a ntchito asinthe zinthu zomwe angathe kuti munthu agwire bwino. Mu 2024 kunabwera lamulo latsopano la anthu aulumali, lomwe linasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA. Ndime 57 ya lamulo la ntchito lija imati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka ndiponso asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Zikafika poipa, madandaulo amayambira ku ofesi ya zantchito pa boma, ndipo akakanika amapita ku khoti la zantchito.

Koma kunena zoona, mabwana ambiri akamva ulumali amaganiza za ndodo ndi njinga, ndipo mawu oti ADHD ena akawamva ngati misala. Maganizo athu ndi oti muyambe ndi chosowa chanu, dzina la vuto libwere pambuyo ngati lifunika. Sankhani nthawi yomwe zinthu zili bwino, osati tsiku lomwe mwalakwitsa. Pemphani zinthu ziwiri zosafuna ndalama, ndipo mutchule phindu lake kwa iwo: "Bwana, ndaona kuti ndimalakwitsa manambala pakakhala phokoso. Mutandilola kuti ndiziwonkhetsa m'chipinda chamkati kuyambira 8 mpaka 9 koloko, buku lizituluka loyera. Tiyese mwezi umodzi muone." Mukagwirizana, tumizani uthenga wachidule wobwereza zomwe mwagwirizanazo, ndipo muusunge. Nkhani ikafika pa kalata yochenjeza, pamenepo tchulani vutolo polemba, ndipo pitani ndi wa bungwe la apantchito ngati lilipo.

Kwa inu mabwana ndi akapitawo: musamuwerengetse munthu mokweza pagulu mosamuchenjeza, ndipo musazungulize zolakwika zake ndi cholembera chofiira anzake akuona. Perekani malangizo osapitirira atatu nthawi imodzi, mapepala a msonkhano afike dzulo lake, ndipo muyezeni ndi ntchito yomwe yatuluka.

Chipatala ndi mankhwala

Dyslexia ilibe mankhwala. Chimathandiza ndi kuphunzitsidwa kulumikiza zilembo ndi kamvekedwe mwadongosolo, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ndipo wamkulu amapindula nako ndithu ngakhale liwiro silifika pa la anzake. Aphunzitsi a maphunziro apadera, omwe ambiri anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndiwo amadziwa njirazi. Ntchito yawo ndi ya ana, koma ku ofesi ya zamaphunziro pa boma angakulozereni yemwe ali pafupi.

ADHD ili ndi mankhwala, ndipo odziwika kwambiri ndi methylphenidate, omwe ambiri amawatchula kuti Ritalin. Ndi mankhwala otetezedwa ndi malamulo, olembedwa ndi dokotala yekha atayeza BP ndi kugunda kwa mtima. Amatha kuchepetsa chilakolako cha chakudya ndi kusowetsa tulo akamwedwa mochedwa. Musamwe a mwana wa m'bale wanu kapena ogula mwamseri. Amathandiza kukhazikika, koma sakusankhirani ntchito yoti mugwire, choncho kope ndi alamu zimafunikabe.

Poyambira ndi kiliniki ya zamaganizo pa chipatala cha boma cha Dedza kapena cha Ntcheu, komwe angakutumizeni kwa akatswiri ku St John of God ku Lilongwe kapena ku chipatala cha Zomba Mental. Popita tengani buku lanu la kuchipatala, mankhwala onse omwe mukumwa, kope la zolakwika la sabata ziwiri lija, ndi malipoti a kusukulu ngati alipo. Ngati n'kotheka pitani ndi kholo, azakhali kapena mkulu wanu amene anakuonani muli mwana, chifukwa funso loyamba la dokotala lidzakhala la mmene munalili musanakwanitse zaka 12.